Kodi mphepo ya mu Lusaka inapita kuti?

Caka ciliconse Show ikatha ku Showgrounds pa Farmers' Day, Mande yoyamba ya Ogasiti, mkangano umodzimodzi umabwelanso pa wailesi yathu. Akulu-akulu amatuma foni kuti kale Ogasiti anali kuyamba na mphepo yoluma, mwana wa sukulu sanali kucoka panyumba alibe juzi. Ise timaseka, timati okalamba amamva mphepo ngakhale mu Okutobala. Manje ndani akamba zoona?

Oweluza alipo. Ni kabokosi koyela ka matabwa, ka mipata yopitamo mpweya, koimikidwa pa udzu, mkati muli thermometer. A Zambia Meteorological Department akhala akupima nyengo ku City Airport pafupi na Longacres, ku eyapoti yaikulu kupitilila Chelstone imene inatsegulidwa mu 1967, na ku Mount Makulu ku Chilanga. Mabuku awo aonetsa kuti mu Julai usiku kumazizila kufika madigili 10 kapena kucepelapo, masana pafupifupi 23. Mu Ogasiti masana amakwela ku 25 kapena 26, cimphepo ca kum'mawa cimanyamula fumbi, ndipo pofika Okutobala tadumpha 30. Usiku wathu umazizila cifukwa Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcele, ndipo kumwamba kukakhala kopanda mitambo, kutentha kwa masana kumathawa dzuwa likangolowa.

Koma pali cinthu cimene ambili sitidziwa. A zanyengo akati Ogasiti uyu ali monga mwa nthawi zonse, amamulinganiza na avaleji ya zaka 30, malinga na lamulo la World Meteorological Organization. Makolo athu anakula mu zaka za muyeso wa 1961 mpaka 1990. Mu 2021 bungwelo linasamukila ku muyeso wa 1991 mpaka 2020, umene uli kale na zaka zotentha mkati. Ndiye kuti ndodo yopimila nayo inasintha. Ogasiti amene lelo timati alibe cacilendo, pa muyeso wakale akanawelengedwa wofunda. Kafukufuku wa UNDP anapeza kuti kucokela mu 1960 mpaka zaka zoyamba za m'ma 2000, kutentha kwa Zambia kunakwela na madigili 1.3. Conco agogo sanama, ngakhale amaonjezako kamcele.

Mzinda nawo unasintha. Pamene likulu linacoka ku Livingstone kubwela kuno mu 1935, anchito akuda ku Kabwata anali kugona m'tunyumba tozungulila twa udzu, tumene twina tukalipo ku Kabwata Cultural Village. Mu 1963 anthu a mu Lusaka sanali kufika 150,000. Kalembela wa 2022 anapeza 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Pamene panali thengo pali simenti, malata na tala, ndipo izi zimasunga kutentha mpaka usiku. Yendani m'mitengo ya ku Kabulonga kapena Woodlands madzulo, kenaka mutsike basi mu Cairo Road, thupi lidzakuuzani lokha.

Wina angati kulibe vuto, ndalama ya bulangeti yapulumuka. Koma kutentha kukafulumila, nthaka na madamu zimauma msanga, mvula ikali kutali mu Novembala. Tinacionela mu 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Pofika Seputembala madzi ku Kariba anali atatsika kwambili, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, ma barbershop na a welding anakhala manja lende, ndipo tonse tinabwelela ku mbaula. Thumba lililonse la malasha linali mtengo wina wogwa ku Chongwe kapena ku Mumbwa.

Ife pa wailesi tagwilizana kuti tikamawelenga lipoti la nyengo, tizichulanso zaka zimene alinganiza nazo. Imwe mukamva kuti nyengo ili bwino-bwino, funsani kuti poyelekeza na liti. Ndipo agogo akayamba nkhani ya mphepo ya kale, afunseni caka na komboni imene anali kukhala, mulembe m'foni, mutitumile.