Usodzi, Mabwato ndi Nyama za M'madzi: Zomwe Msilamu wa M'mbali mwa Nyanja Ayenera Kudziwa

Tikuyamika Allah yemwe adatipatsa nyanja, ndipo tikumupempha kuti mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Asilamu ambiri m'dziko muno tikukhala m'mbali mwa madzi: ku Mangochi, Makanjira, Monkey Bay, Salima, Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire. Ndiwo za pakhomo, fizi ya ana, ngakhale malata a mzikiti, zambiri zimachokera m'khoka. Funso lomwe limafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, kodi nsomba yakuti ndi halaal? Funsoli ndi labwino, koma pali lina lomwe timaliiwala: kodi njira yomwe nsombayo yagwidwira ndi yololedwa? Nsomba ikhoza kukhala halaal, kagwiridwe kake n'kukhala tchimo.

Nyanja yomwe tapatsidwa

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo kumpoto, komwe ndi yozama kwambiri, imafika pafupifupi mamita 700. Ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Madzi ake amatulukira mumtsinje wa Shire ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, yomwe ndi yosazama. Mu 1980 boma lidakhazikitsa paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. M'madzi a pakiyi, mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi zilumba zake, kusodza n'koletsedwa.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nahl ayah 14, ikutikumbutsa kuti Allah ndiye adatifewetsera nyanja kuti tidyemo nyama yanthete komanso tiyendemo ndi zombo pofunafuna zabwino zake. Choncho nyanja ndi mtendere wochokera kwa Iye, ndipo mtendere uliwonse ndi amana yomwe tidzafunsidwe.

Zololedwa kudya

Surah Al-Maidah ayah 96 yatiloleza kusaka za m'nyanja ndi kudya chakudya chake. Chambo, usipa, utaka, kampango, mlamba, mcheni, mpasa, bombe ndi nsomba zina zonse ndi halaal, zamamba ndi zopanda mamba zomwe. Nsomba sifunika kuzinga. M'hadith yomwe adailandira Abu Hurairah, munthu wina woyenda panyanja adafunsa Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) za kuchita wudhu ndi madzi a m'nyanja, ndipo adayankhidwa kuti madziwo ndi oyeretsa komanso chofa cha m'menemo ndi chololedwa.

Malinga ndi madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, nsomba yopezeka itafa yokha ndi halaal. Ma Ulama a madh-hab a Imam Abu Hanifa saloleza nsomba yomwe yafa yokha n'kumayandama. Onse akugwirizana kuti chovulaza thupi sichidyedwa, choncho nsomba yoola kapena yomwe tikuikayikira kuti yafa ndi mankhwala tiyitaye. Ng'ona ndi chule, kwa Imam Shafi'i, sizidyedwa.

Chambo ndi nyengo yotseka nyanja

Kuti timvetse chifukwa chomwe nyanja imatsekedwera, tiyenera kudziwa kaswanidwe ka chambo. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, kenaka chimapita ndi anawo kumadzi osazama kumene kuli udzu. Tiana timeneti, omwe timati kasawala, timatenga zaka pafupifupi zitatu kuti tifike poswana. Ndiye khoka likakokedwa pamalo oswanirana, limagwira mayi pamodzi ndi ana ali m'kamwa, limafafaniza zisa ndi kuzula udzu wobisalamo kasawala.

Zotsatira zake tidaziona ku Malombe. M'zaka za m'ma 1980 nyanja imeneyi inkatulutsa matani masauzande angapo a chambo pachaka. Makoka a maso aang'ono, a kambuzi ndi nkacha, atachuluka, chambo chidatsika kufika pa matani mazana ochepa m'zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, kuyambira ku Malombe komweko, ndipo mu 1997 lidakhazikitsa lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba. Mu 2018 bungwe la IUCN lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pachiopsezo chachikulu chotheratu.

Panyanja ya Malawi, miyezi ya Novembala ndi Disembala ndi yoletsedwa kukoka makoka a m'mbali, chifukwa ndi nthawi yomwe chambo chimaswana. Masiku ndi zida zokhudzidwa zimasiyana malinga ndi nyanja, choncho chaka chilichonse timve chilengezo cha ofesi ya zansomba ndi BVC ya padoko lathu. Lamulo limaletsanso kugwira chambo chosakwana masentimita 15.

Kutseka malo kuti chuma chichuluke si chinthu chachilendo m'Chisilamu. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) adapatula msipu wa An-Naqi' kufupi ndi Madina, ndipo Umar bin Al-Khattab adachitanso chimodzimodzi ku Ar-Rabadhah. Malo otere amatchedwa hima. Kwathu kuno chitsanzo chili pachilumba cha Mbenji ku Salima, pomwe kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula mu Epulo. Pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo asodzi amachokera kutali kudzasodza utaka wa kumeneko.

Lamulo lotseka nyanja lidaikidwa ndi atsogoleri pofuna ubwino wa anthu onse, ndipo mulibe kunyoza Allah. Lamulo lotere, malinga ndi Surah An-Nisa ayah 59, Msilamu ayenera kulimvera, kaya a fishale akumuona kaya sakumuona. Tikumbukirenso nkhani ya mudzi wa m'mbali mwa nyanja mu Surah Al-A'raf, kuyambira ayah 163. Anthu ake adaletsedwa ndi Allah kusodza tsiku la Sabata, ndipo nsomba zinkaonekera poyera tsiku lomwelo. Ena adaphwanya, ena adawaletsa, ena adati kuwalangiza n'kutaya nthawi. Omwe Qur'an yanena kuti adapulumutsidwa ndi aja adaletsa. Chiletso chawo chidali cha Allah mwini, chathuchi ndi cha atsogoleri, koma mayeso ake ndi ofanana: nsomba zimayandikira gombe nthawi yomwe taletsedwa.

Zida zoononga

Masikito adaperekedwa kuti ateteze ana athu ku malungo. Akasokedwa kukhala khoka, amasesa chilichonse, ngakhale tinsomba tosayenera kuikidwa mumphika, ndipo mwana kunyumba amagona osadziteteza. Maukonde a monofilament ndi oletsedwa. Akaduka n'kutsalira m'madzi saola msanga, amapitiriza kupha nsomba zomwe palibe adzadye. Kandwindwi amakokolola pansi pa nyanja. Katupe ndi mankhwala ena amapha zonse za m'dziwe. Kutchinga mtsinje wonse pamene mpasa ndi sanjika zikukwera kukaswana, monga zimachitira mu Bua ku Nkhotakota, ndi kupha nsomba za chaka chamawa.

Surah Ar-Rum ayah 41 ikunena kuti chionongeko cha pamtunda ndi panyanja chimadza ndi manja a anthu. Pakati pa malamulo akuluakulu a fiqh palinso lakuti munthu asadzipweteke komanso asapweteke mnzake. Wina adzati, ine ndi wosauka, ndikungofuna ndiwo za lero. Umphawi ndi weniweni ndipo sitikuuchepetsa. Koma Mtumiki (mtendere ukhale pa iye), m'hadith ya Nu'man bin Bashir, adapereka fanizo la anthu okwera chombo chimodzi. Okhala pansi adaganiza zoboola mbali yawo kuti azitunga madzi mosavutitsa a pamwamba. Cholinga chawo sichidali choipa, koma akadasiyidwa onse akadamira. Chambo chikatha, woyamba kugona ndi njala ndi wosauka yemweyo, chifukwa mwini injini akhoza kupita kutali pomwe wa bwato sangafike.

Ulendo wa pabwato

Asodzi amazidziwa mphepo za nyanja yathu: mwera wochokera kumwera, mpoto, vuma ndi zambwe. Mwera umalimba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo a zanyengo amachenjeza pa wailesi ukamayandikira. Nyanja siona kukula kwa chombo. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha mafunde, ndipo anthu 145 adafa.

Surah Al-Baqarah ayah 195 ikutiletsa kudziponya tokha kuchionongeko. Kuyadzamira kwa Allah kumayendera limodzi ndi kusamala, monga momwe Mtumiki adamuuzira mwini ngamira kuti ayambe waimanga kenaka ayadzamire. Choncho:

- Mwini boti asakweze anthu ndi katundu kupitirira muyeso. Miyoyo ya alovi ndi apaulendo ndi amana m'manja mwake.
- Muboti mukhale majekete oyandamitsa, chokapira madzi, nkhafi ngakhale muli injini, nyali, ndi foni yokulungidwa m'pepala la pulasitiki.
- Achibale adziwe komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mukuyembekezeka kubwera.
- Chenjezo la mwera likaperekedwa, tsiku limenelo likhale losoka maukonde.
- Ana aphunzire kusambira, koma asatengedwe kukagwira ntchito ya usiku panyanja. Mwana wogona pa usipa amasinza m'kalasi m'mawa ndi kumadrasa masana.

Pokwera tiwerenge dua ya ulendo yomwe ili mu Surah Az-Zukhruf ayah 13 ndi 14. Swala siikhululukidwa chifukwa chokhala panyanja. Madzi a wudhu alipo. Amene angathe kuima aime. Amene akuopa kugwera m'madzi aswali chokhala. Qibla kuchokera kwathu kuno ili kumpoto, mopendekera pang'ono kum'mawa.

Ng'ona, mvuu ndi likodzo

Surah Al-An'am ayah 38 ikutiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame ndi magulu a zolengedwa monga ife. Nkhwazi, katumbu, mvuu ndi ng'ona zili ndi gawo lake m'nyanja, ndipo kupha nyama popanda chifukwa ndi tchimo. Komabe moyo wa munthu ndi wolemekezeka, choncho tizidziwe.

Ng'ona imaphunzira malo omwe anthu amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo imakonda kugwira m'bandakucha ndi madzulo. Matumbo a nsomba otayidwa pamalo otungira madzi amaiitana. Amayi ndi ana asapite okha kumadzi nthawi zimenezi, makamaka m'mbali mwa Shire ndi m'mathiriro a mitsinje nyengo ya mvula. Mvuu imatuluka usiku kukadya kumtunda. Ndi yoopsa ikakhala ndi mwana kapena munthu akaima pakati pa iyo ndi madzi, ndipo imagubuduza bwato. Nyama ikayamba kuvutitsa, tiuze amfumu ndi a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, omwe lamulo lidawapatsa mphamvu yoithamangitsa kapena kuipha.

Likodzo limafala pamene wodwala akodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi; tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi odekha n'kulowa pakhungu la wosamba. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) adaletsa kukodza m'madzi odekha komanso kudzithandiza pamalo otungira madzi. Doko lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo mwana akamakodza magazi apite naye kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Udindo wa banja ndi mzikiti

Wogula ali ndi gawo lake. Mayi akakana kugula kasawala pamsika, wokoka masikito amasowa kogulitsa. Wogulitsa naye asaphwanye ndowa yoyezera usipa kapena kuika wabwino pamwamba woola pansi, pakuti Surah Al-Mutaffifin idatsika kuchenjeza opungula miyeso. Mashehe anzathu aikepo khutbah ya nkhaniyi Novembala asanafike, ndipo Asilamu okhulupirika alowe m'ma BVC, osalandira chiphuphu, osakondera m'bale. Miyezi yotseka ikonzekeredwe posunga kangachepe nthawi yomwe nsomba zikuphedwa, ndipo zakaat ndi sadaka za pamudzi ziwafikire alovi omwe nyengoyi imawapweteka kwambiri.

Tikumupempha Allah kuti awateteze onse oyenda panyanja, adalitse riziki lathu, ndipo awasiyire ana athu nyanja yokhala ndi nsomba. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.