Mabuku a Wowerenga wa ku Mlangeni: Kuyambira Nthano Mpaka Kafukufuku

Mabuku amene Mmalawi angawerenge alipo a mitundu yambiri: a chipembedzo, a nthano za makolo, a nkhani zopeka, a ndakatulo, a mbiri yakale, ndiponso a kafukufuku wa akatswiri. Koma mitunduyi sinagawanike mofanana pakati pa zilankhulo. M'Chichewa mwachuluka mabuku a mpingo, a kusukulu, ndi a nkhani zolangiza, pomwe nkhani za zodabwitsa ndi mabuku ozama a maphunziro, ambiri mwa iwo ali m'Chingerezi. Wowerenga wofuna kulawa zonse ayenera kuyenda ndi zilankhulo ziwiri.

Izi zimaoneka bwino ku Mlangeni, malo a zamalonda a m'boma la Ntcheu, pa msewu wa M1 wochokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu, pafupi ndi malire a Mozambique. Kuno ndi kwa Angoni a kwa Maseko, a Inkosi ya Makhosi Gomani, ngakhale kuti cholankhulidwa pakhomo ndi pamsika ndi Chichewa. Tsidya linalo ndi boma la Angónia m'chigawo cha Tete. Mwana wa tsidya ilo amatsegula buku la Chipwitikizi m'kalasi, wa tsidya lino la Chichewa ndi la Chingerezi, koma akakumana pogulitsa mbatata ya kachewere amamvana bwinobwino popanda womasulira.

Buku loyamba m'nyumba

M'nyumba zambiri za kumudzi buku lopezeka msanga ndi Baibulo, ndipo pambali pake pamakhala buku la nyimbo lothothoka chikuto. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito yomasulira itatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed mothandizana ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Mu 1998 panabwera Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi m'Chichewa cha masiku ano. Chilankhulo cha Buku Lopatulika chinalowerera kwambiri m'zolemba za alembi oyambirira, popeza ambiri a iwo anali aphunzitsi a pamishoni, ndipo mabuku awo ankasindikizidwa pa makina a mishoni monga a ku Nkhoma.

Kusukulu nako kuli mabuku amene anthu a msinkhu umodzi amakumbukirana nawo. Amene anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu sangaiwale Sosa, buku loyambira kuwerenga Chichewa, kapena ana awiri aja, Timve ndi Tsala, a m'mabuku a Chingerezi.

Nthano ndi nkhani za zodabwitsa

Nkhani za zinthu zosatheka, zimene m'maiko ena zili ndi mashelefu akeake m'masitolo a mabuku, kuno zinayambira pamoto madzulo. Muli nyama zolankhula, mwana woumbidwa ndi dothi amene sayenera kunyowa ndi mvula, mbalame zoulula chinsinsi, ndi Kalulu wopusitsa Njovu ndi Fisi. Zina mwa nthanozi zinalowa m'mabuku. Yodziwika kwambiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, nkhani ya munthu wopha mbale wake chifukwa cha kaduka, kenako mbalame n'kumamulondola ikuimba za mlanduwo mpaka kumudzi. Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe anasonkhanitsa nthano zambiri m'buku la Land of Fire la mu 1985. Ku Zambia, nthano za Chinyanja zimene Julius Chongo ankakamba pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo zinalembedwanso m'mabuku ndi Ernst Wendland.

Mlembi amene anakumba kwambiri m'nkhokwe imeneyi ndi Steve Chimombo, yemwe anali mphunzitsi ku Chancellor College ku Zomba ndipo anamwalira mu 2015. Iye anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimagona pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiritsa madzi, n'kumuika pakati pa ndakatulo zake komanso m'buku lake lalitali la The Wrath of Napolo. Anthu a ku Zomba ankatchula Napolo pa chigumula cha mu 1946, a ku Phalombe pa cha mu 1991. Kwa Chimombo chinjokachi chinalinso njira yokambira za ulamuliro woopsa popanda kutchula dzina la munthu. Nthano ya Sikusinja anailembanso mwatsopano m'buku la The Bird Boy's Song.

Nkhani zoganizira za m'tsogolo ndi zachilendo ndithu. Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani yochitika mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Iye yemweyo ndiye anali kumbuyo kwa Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi la alembi a m'maiko angapo, lokonzedwa ndi Billy Kahora wa ku Kenya, momwe muli Amalawi monga Muthi Nhlema. Onsewa ali m'Chingerezi. N'zodabwitsa pang'ono kuti chilankhulo chokhala ndi afiti ouluka pa lichero ndi ndondocha zogwira ntchito usiku sichinabale mabuku ambiri aatali a mtundu umenewu.

Nkhani zopeka za m'Chichewa

Apa ndiye pali nkhokwe yodzaza. Chiyambi chake ambiri amachiika pa Nthondo wa Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli linapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, linasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wa kuba ndi mwano, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Phindu lake lalikulu lero lili pa zimene limaonetsa m'mbali mwa nkhaniyo: kasungidwe ka mwana wakhanda, maliro, milandu ya pabwalo, ndi mantha a mdulo. Ophunzira a MSCE akhala akuliwerenga pa phunziro la Chichewa.

Pambuyo pa Ntara panabwera Gwengwe ndi Kukula ndi Mwambo, E.J. Chadza ndi Kokha Mcheperawakalulu komanso Ntchito za Pakamwa, ndi Josiah Phiri ndi Kalenga ndi Mnzake. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, msika wa mabukuwa unakula chifukwa sukulu zonse zinkawafuna. Makampani a Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ku Blantyre anatulutsa timabuku tambiri totsika mtengo m'zaka za m'ma 1980. Imeneyi ndiyo nthawi ya Willie Zingani ndi Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata, ndi Whyghtone Kamthunzi ndi Tiferenji. Mitu yambiri ndi miyambi, ndipo nkhani zake zimayenda m'njira ya mwambi womwewo: wina walakwa, wachenjezedwa, sanamve, zamuonekera. Pali owerenga amene amatopa nazo zimenezi. Komabe Chichewa cha m'mabukuwa n'chokoma, makamaka pamene anthu akukangana kapena kufunsirana, ndipo wofuna kuphunzira kulemba bwino sangawalambalale.

Pa ndakatulo dzina lomveka ndi la Benedicto Wokomaatani Malunga, mwini Kuimba kwa Mlakatuli, amenenso anamasulira Things Fall Apart ya Chinua Achebe kukhala Chipasupasu.

Zolembedwa m'Chingerezi

Amalawi anayamba kumveka kunja m'zaka za m'ma 1960. Legson Kayira analemba I Will Try mu 1965, kufotokoza ulendo wake wapansi wochoka kumpoto kwa dziko lino kukafuna maphunziro ku America. Aubrey Kachingwe anatulutsa No Easy Task mu 1966, David Rubadiri No Bride Price mu 1967. Kenako panagwa chisanu. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mabuku ochuluka analetsedwa. Of Chameleons and Gods ya Jack Mapanje, yotuluka ku London mu 1981, inachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, ya mu 1992, imajambula nthawi yomweyo, ndipo zinthu zitasintha inadzakhala buku la mayeso ku sekondale.

Pambali pa mabuku olemerawa, ana a sekondale ankabwerekana mobisa timabuku ta Pacesetters ndi ta James Hadley Chase, tina topanda tsamba loyamba ndi lomaliza. Ambiri amene lero amawerenga mabuku akuluakulu chizolowezi anachitengera kumeneko.

Kumene mabuku amapezeka

Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, komanso limapereka mabuku ku timalaibulale ta m'sukulu. Mabuku ambiri a m'malo amenewa ndi mphatso zochokera kunja, monga za bungwe la Book Aid International, choncho si zachilendo kupeza buku la ulimi wa ku England pashelefu pomwe palibe Nthondo. Masitolo a CLAIM amagulitsa mabuku a mpingo ndi a sukulu. M'matauni mulinso ogulitsa mabuku akale oyala pansi m'mbali mwa msewu, pomwe buku la malamulo limagona pamodzi ndi la nkhani zachikondi, mtengo n'kukambirana. Masiku ano ophunzira ambiri amatumizirana mabuku ndi manotsi pa WhatsApp n'kumawerengera pafoni.

Kalaibulale kakang'ono kangathe kuchita zazikulu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anabwereka buku lotchedwa Using Energy pa laibulale ya pasukulu ya pulayimale. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zithunzi, mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Nkhani yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009. Kutaya mabuku nakonso n'kosavuta: moto umene unagwira laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 unapsereza mabuku pafupifupi 45,000.

Mabuku a kafukufuku

Kafukufuku wa chilankhulo ndiye wakale kwambiri. Johannes Rebmann analemba dikishonale ya Chinyanja ali ku Mombasa mothandizidwa ndi Salimini, munthu wa kuno amene anagwidwa ukapolo, ndipo inasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa ya Chimang'anja mu 1892. Galamala ya Chichewa ya Mark Hanna Watkins ya mu 1937 inalembedwa ku Chicago, ndipo wophunzira amene ankamuuza mawu anali Hastings Kamuzu Banda. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira Chichewa m'Chichewa chomwe, unakonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba. J.C. Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 m'buku la Wisdom of the People. Mabuku a Kachere ku Zomba ndi a Mzuni Press ku Mzuzu athandiza kuti kafukufuku wa za chipembedzo ndi chikhalidwe azisindikizidwa konkuno pa mtengo wofikirika.

Pa mbiri ya dziko, Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa, koma amene anatsatira ambiri analemba m'Chingerezi: George Shepperson ndi Thomas Price za John Chilembwe mu Independent African ya mu 1958, Schoffeleers za Mbona mu River of Blood, ndi John McCracken mu A History of Malawi 1859–1966 ya mu 2012.

Wa ku Mlangeni ali ndi mwayi wakuti dera lake lomwe linalembedwa. Angoni a kwa Maseko anakhala pa phiri la Domwe, tsidya la Mozambique, asanakhazikike m'Ntcheu. Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo manda ake ali kwa Nkolimbo, kumene kumachitikira mwambo wa Umhlangano. Mwana wake, Philip Gomani, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Boma linamuchotsa pampando, apolisi anafika ku Lizulu kudzamugwira, iye anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anamubweza. Anamwalira mu 1954. D.D. Phiri analemba kabuku ka moyo wake, Inkosi Gomani II, m'gulu la mabuku a Malawians to Remember, ndiponso From Nguni to Ngoni lofotokoza ulendo wa Angoni kuchokera kumwera.

Margaret Read, katswiri wa ku Britain wa za chikhalidwe cha anthu, anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, kwa Gomani komanso kwa M'mbelwa. Anatulutsa The Ngoni of Nyasaland mu 1956 ndi Children of Their Fathers mu 1959, lachiwirili likunena za kaleredwe ka ana: ulamuliro wa agogo aakazi pakhomo, anyamata ogona kumphala, kuweta ng'ombe, ndi ulemu wa polankhula ndi akulu. Read ankacheza kwambiri ndi a m'mabanja achifumu, motero chithunzi chake ndi cha Angoni apamwamba, osati cha Achewa ndi Antumba ambirimbiri amene ankakhala pansi pawo. Woyamba kumene ayambe ndi kabuku ka D.D. Phiri ka Inkosi Gomani II, kamene n'kakafupi ndiponso kosavuta Chingerezi chake, kenako atenge a Read, ndipo zimene wawerengazo akazifunsenso kwa akuluakulu a m'mudzi mwake.