GALASI LA MCHAPE NDI MAKADI A RHINE

Pali zinthu zimene anthu a mitundu yonse amazikamba monong'ona: maloto amene akwaniritsidwa, mtima wa mayi umene uthumpha pa ola limene mwana wake wamwalira kutali, munthu amene amati adziŵa za m'mutu mwa mnzake. Kuyambira kale anthu ayankha zodabwitsa zotere mwa njira ziŵiri. Ena amati, "Tiyeni tiyese, tione." Ena amati, "Ine ndadziŵa kale, inu ingovomerani." Njira yoyamba ndiyo inabala maphunziro amene Azungu amaŵatcha parapsychology. Yachiŵiri ndiyo imabala sayansi yonamizira, imene ibwereka zida ndi mau a madotolo koma silola kuyesedwa. Mbiri ya dera la tiyi la Thyolo ndi Mulanje itiphunzitsa kuti kulephera kusiyanitsa ziŵirizi kwaphetsa anthu.

Tiyambe ndi a njira yoyamba. M'chaka cha 1882 anthu ena ophunzira anakhazikitsa ku London bungwe la Society for Psychical Research, kuti afufuze nkhani za mizimu ndi za kutumizirana maganizo popanda mau. Cha m'ma 1930 katswiri wina, J. B. Rhine, wa pa yunivesite ya Duke ku America, anapeza njira yoŵerengera. Anatenga makadi 25 okhala ndi zizindikiro za mitundu isanu, monga nyenyezi, mtanda ndi mafunde. Munthu woyesedwa anayenera kutchula chizindikiro cha khadi limene sanalione. Wongolota mwamwayi amakhoza pafupifupi makadi 5 mwa 25. Wokhoza oposa pamenepo nthaŵi ndi nthaŵi akanaonetsa kuti pali mphamvu ina. Mu 1934 Rhine analengeza kuti waŵapeza anthu otere.

Koma ena atabwereza mayesowo m'masukulu ena, natseka mipata yonse yoonera ndi yolakwitsira poŵerenga, chiŵerengero chinabwerera pa 5 pomwe paja. Mu 1974 mtsogoleri wa nyumba yake yofufuzira, Walter Levy, anagwidwa akusintha manambala, ndipo Rhine mwini ndiye anaulula manyaziwo poyera. Mu 1988 bungwe la National Research Council la ku America, litasanthula ntchito ya zaka 130, linanena kuti palibe umboni wokwanira wa mphamvu zoterezi. Lero akatswiri ambiri sakhulupirira zimene parapsychology inalonjeza, ndipo ena amaiŵerengera kumodzi ndi sayansi yonamizira. Komabe tiyenera kuiyamikira pa chinthu chimodzi: inanena poyera chiŵerengero chimene chikanaitsutsa, ndipo chiŵerengerocho chinaitsutsadi. Palibe amene anaponyedwa miyala chifukwa cha makadi.

M'zaka zomwezo, kuno kwathu kunabuka njira ina. Cha m'ma 1930 kunamveka dzina la Kamwiri wa ku Mulanje, mwini mankhwala a mchape, otsuka ufiti m'midzi. Inali nthaŵi ya mavuto a chuma pa dziko lonse. Mitengo ya mbeu inagwa, ntchito zinasoŵa. Anyamata ovala zachizungu ananyamula mankhwalawo m'mabotolo nafika nawo mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Mayi Audrey Richards, amene anaŵaona pakati pa Abemba mu 1934, anafotokoza kuti iwo ankafoletsa mudzi wonse pa mzere, nayang'ana munthu aliyense m'galasi, natola nyanga ndi zithumwa, kenaka namwetsa anthu madzi ofiirira. Ankati womwa mchape akabwerera ku ufiti adzafa.

Taonani kuchenjera kwake. Womwa akafa, ankati anali mfiti. Akakhala moyo, ankati mankhwala amuchapa. Mudzi ukapitiriza kuika maliro, ankati wina anabisa nyanga. Panalibe chochitika ngakhale chimodzi chimene chikanatsutsa mwini galasi. Botolo, mzere ndi galasi zinali ngati za ku chipatala, koma mtima wa chipatala, umene ndi kuyeza ndi kuvomera pamene walakwa, munalibe.

Nanga chifukwa ninji nkhani zotere zimamera msanga m'mphepete mwa minda ya tiyi? Yankho lili m'mbiri ya nthaka. Malo aakulu a Thyolo anagwa m'manja mwa atsamunda ndi makampani monga British Central Africa Company. Alomwe ambiri, amene anathaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, anapeza pokhala pa maesiteti, koma analipira malowo ndi thangata, ndiye kuti kugwirira mwini esiteti ntchito m'miyezi ya dzinja, pamene minda yawo yomwe inali kufuna khasu. Munthu ankaona mphamvu zake zikutha, pamene tiyi ankakwera sitima kupita kunja. Kwa munthu wotere, kunena kuti eni malo amadya anthu sikunali kutali ndi zimene thupi lake linkamva.

Mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba anthu akuchikana, anthu ena anagwidwa pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pa mlandu woba malalanje. Mbiri inathamanga kuti aphedwa ndi chifwamba, Mzungu wodya anthu. Mbiriyo inali yabodza, koma makamu anasonkhana, miseu inatsekedwa, mawaya a telefoni anadulidwa, ndipo chipolowe chinafalikira m'maboma ena. Pomatha, anthu 11 anali atafa. Dandaulo la nthaka linali loona, ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Chifwamba chokha ndicho sichinapezeke.

Mbiri yomweyo inabweranso itavala zovala zatsopano. Mu Disembala 2002, chaka cha njala, kunamveka m'Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kuti boma likugulitsa magazi a anthu posinthana ndi chimanga cha thandizo. Munthu wina anaphedwa, ansembe atatu a Katolika anamenyedwa poganiziridwa kuti ndi opopa magazi, ndipo mu Januwale 2003 gavanala wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, a Eric Chiwaya, anagendedwa nagonekedwa m'chipatala. Mu Seputembala 2017 anamapopa anamvekanso ku Mulanje, mbiri nifalikira ku Phalombe, Thyolo ndi Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Ena mwa ophedwawo anali alendo, apaulendo ndi odwala amene analephera kudzifotokoza pa zipata za usiku.

Mau a mbirizi anali a sayansi okhaokha: jakisoni, machubu, mankhwala opopera ogonetsa anthu. Tsono nkhani ya magazi ndi yosavuta kuyesa. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo wopereka magazi ku chipatala amapereka osafika theka la lita. Munthu akatayadi magazi ambiri, makina amaonetsa, ndipo singano imasiya chizindikiro. Madotolo a m'dziko muno ananena mu 2017 kuti sanapeze umboni wa munthu wopopedwa. Anadziŵanso zimene zimafooketsa anthu athu: malungo ndi njala zimachepetsa magazi, ndipo pali vuto lodziŵika la tulo limene munthu amadzuka maso ali gwa koma thupi losagwedezeka, namva ngati wina wamtsamira pachifuwa. Mantha a anthuwo sanali onama. Koma atafunsidwa kuti wopopayo ali kuti, yankho linali loti wasanduka mphaka, wazimirira. Limeneli ndi galasi la mchape lomwe lija: mlandu umene sungatsutsidwe, popeza kusoŵa kwa umboni kumasanduka umboni.

Wina angafunse kuti, "Kodi inu a Mpingo, amene mumalalika zozizwitsa, mungadzudzule bwanji ena?" Funsoli ndi loyenera. Mpingo unaphunzira, nthaŵi zina movutikira, kuti wokhulupirira ayenera kukhala woyamba kufufuza. Prospero Lambertini, amene anadzakhala Papa Benedikito XIV mu 1740, anaika malamulo oŵeruzira machiritso: nthenda ikhale yaikulu ndi yodziŵika, kuchira kukhale kwadzidzidzi, kwathunthu ndi kosabwerera, ndipo kusakhale chifukwa cha mankhwala. Ku Lourdes kuli ofesi ya madotolo kuyambira 1883, imene imalandira ndi madotolo osakhulupirira omwe. Mwa machiritso oposa 7,000 amene analembedwa kumeneko, amene Mpingo waŵavomera ngati zozizwitsa angopitirira pang'ono 70. Ndiponso Mpingo sunena kuti chikhulupiriro ndi sayansi. Zinsinsi za Mulungu sitiziyeza pa sikelo, ndipo sitinamizira kuti taziyeza.

Kusiyana kwake tsono sikuli pa kudabwitsa kwa nkhani, koma pa khalidwe la woinena. Tikamva zachilendo pa msika wa Bvumbwe kapena pa mzere woyezetsa masamba a tiyi, tifunse mafunso anayi. Waona ndi maso ake ndani, ndipo tingamupeze kuti? Chingachitike nchiyani kuti wonenayo avomere kuti walakwa? Kodi munthu wina, wosamukonda, angabwereze mayesowo? Ndipo nkhaniyi ikakhala yabodza, adzalipira ndani? Pa makadi a Rhine analipira ndi mbiri ya ofufuza eni ake. Pa anamapopa analipira ndi mlendo wosadziŵa njira.

Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kumeneku sikutanthauza kunyoza anthu a m'midzi ngati mbuli, pakuti pansi pa mbiri yabodza ya ku Thyolo panali njala yeniyeni, kusoŵa kwa malo kwenikweni ndi malipiro ochepa enieni. Zimenezi zimayezeka ndi maekala ndi makwacha, ndipo zili ndi oziyankha odziŵika maina. Ntchito ya mphunzitsi, mfumu, katekisiti ndi wansembe ndiyo kuthandiza anthu kutchula chimene chikuŵaŵa ndi dzina lake lenileni, mantha asanasankhe munthu wosalakwa woti amuponye miyala.