Momwe ng'oma inalowera mu Misa ku Kinshasa

Nkhani ya sabata ino inayambira mu tchalitchi, koma musathawe, ndi nkhani ya mbiri, si ulaliki ayi.

Lamulungu lina ku parishi yathu kuno ku Lilongwe kwaya inayambitsa nyimbo ya mtulo ya Chitumbuka. Mayi amene ndinayandikana nawo anayamba kuvina misozi ikulengeza m'maso, pomwe bambo wina kumbuyo kwathu ankang'ung'udza kuti, "Kodi tili ku Rumphi?" Ndinaseka, koma funso linanditsatira mpaka kunyumba. Mumzinda momwe mwadzaza mitundu yosiyanasiyana, tikamati tiyimbe mwa chikhalidwe chathu, chikhalidwe chake ndi cha ndani? Akatolika a ku Kinshasa analimbana nalo funsoli kwa zaka zambiri, ndipo yankho lawo linakafika mpaka ku Roma.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti kale ng'oma inalibe malo mu Misa. Mu 1903 Papa Pius X analemba chikalata chokhudza nyimbo za mu tchalitchi, ndipo pa zida zimene analetsa panali ng'oma. Misa inali ya Chilatini, nyimbo zake za Chigregori, chida chovomerezeka chinali limba. Amishoni amene anapita ku Congo, dziko limene nthawiyo linali m'manja mwa Belgium, ananyamula lamulo lomweli. Kuwonjezera apo, ambiri mwa iwo ankaona ng'oma ngati chida cha mizimu ndi magule a usiku. Ndiye munthu amene dzulo lake wachezera kuvina pa ukwati, m'mawa ankalowa mu tchalitchi n'kuima njo ngati chitsa, kumayimba mawu amene sakuwamva.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1953 wansembe wina wa ku Belgium, Bambo Guido Haazen, anafika ku Kamina, kummwera kwa Congo. Iye anachita chidwi ndi mayimbidwe a Aluba, aja oti wina amatsogolera ena n'kumavomera, ndipo anasonkhanitsa anyamata a sukulu ndi aphunzitsi awo n'kupanga kwaya yotchedwa Les Troubadours du Roi Baudouin. Mothandizana ndi mphunzitsi Joachim Ngoi, anatenga mawu a Chilatini a Misa n'kuwakhazika pa mayimbidwe a kumudzi, ng'oma zikulira pansi pake. Umu ndi momwe inabadwira Missa Luba mu 1958. Nyimbo yake yopempha chisoni kwa Ambuye, Kyrie, inatengera kasala, nyimbo ya maliro ya Aluba. Taganizani, mawu ochokera kutsidya kwa nyanja koma kaliridwe ka pa siwa!

Chaka chomwecho kwayayi inapita ku Ulaya, inakayimba pa chiwonetsero chachikulu cha ku Brussels, ndipo kampani ya Philips inajambula chimbale chimene chinatchuka dziko lonse. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chiwonetsero chomwecho panamangidwa "mudzi wa ku Congo" momwe Akongo ankaikidwa kuti azungu aziwaonerera. Ndipo Missa Luba, ngakhale inali yokoma chotani, inali ya Chilatini ndithu, yoyimba kwaya anthu n'kumangomvera. Inatsimikiza kuti ng'oma ndi pemphero sizidana, koma funso la mumzinda sinaliyankhe, chifukwa inali ya mtundu umodzi basi.

Funsolo linali likudikira ku Léopoldville, likulu la dzikolo, lomwe linasinthidwa dzina kukhala Kinshasa mu 1966. Congo ili ndi zinenero zoposa 200, ndipo anthu ake ankakhamukira mumzindawu kudzasaka ntchito: Akongo, Aluba, Amongo, ena ochokera kumtunda kwa mtsinje, ena kummawa kumene amayankhula Chiswahili. Pa benchi imodzi mu tchalitchi pankatha kukhala anthu asanu a mitundu isanu. Ukati uyimbe Chiluba, Mkongo akwinya nkhope. Ukati Chikongo, Mmongo angokhala chete. Chimene chinawalumikiza ndi Chilingala, chinenero cha malonda a pa mtsinje wa Congo komanso cha asilikali. Ambiri mwa obwerawo sanayamwire Chilingala, anachitola pamsika ndi pantchito, n'chifukwa chake chinalibe mwini wochidyera nsanje. M'zaka za m'ma 1950 oyimba ngati Grand Kallé ndi Franco anachikometsanso ndi magitala a rumba, mpaka chinasanduka mawu a mzinda wonse.

Munthu amene anaumvetsa bwino mzinda umenewu anali Joseph-Albert Malula. Iye anabadwira mu Léopoldville momwemo mu 1917, anadzozedwa unsembe mu 1946, anakhala episkopi mu 1959, arkiepiskopi wa mzindawu mu 1964, kenako kadinala mu 1969. Anali mwana wa m'tauni, wodziwa kuti nkhosa zake si za khola limodzi. Anali nawonso pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene pa 4 Disembala 1963 unatulutsa chikalata cha Sacrosanctum Concilium. Chikalatachi chinalola zinenero za anthu kulowa mu Misa, ndime 119 inalamula kuti mayimbidwe a mitundu ya anthu a m'mayiko a mishoni apatsidwe ulemu ndi malo, ndipo ndime 120 inatsegulira khomo zida zina kupatula limba, bola maepiskopi avomereze. Ng'oma imene inaletsedwa mu 1903 inalandira chilolezo patapita zaka 60.

Maepiskopi a ku Congo sanakhutire ndi kungomasulira nyimbo. Kuyambira 1969 anayamba kukonza dongosolo lonse la Misa kuti lifanane ndi momwe anthu awo amachitira akasonkhana pamaso pa mfumu. Ntchitoyi inachitika pa nthawi yovuta. Pulezidenti Mobutu naye ankalalikira za kubwerera ku chikhalidwe cha makolo: mu 1971 anasintha dzina la dziko kukhala Zaire, mu 1972 analamula anthu kutaya mayina achikhristu. Mwina mukuganiza kuti iye ndi Malula anagwirizana, eti? Ayi ndithu. Kadinalayo anakana zoti boma lizilamula mpingo, ndipo chaka chomwecho anakakamizika kukakhala ku Roma kwa miyezi ingapo. Choncho ku mbali ina kunali boma lofuna kugwiritsa ntchito chikhalidwe ngati chikoti, ku mbali ina kunali Roma wosafuna kuthamangira. Dongosolo latsopanoli linaperekedwa ku Roma mu 1973, koma linavomerezedwa pa 30 Epulo 1988. Zaka 15 zodikira! Malula anamwalira chaka chotsatira, mu 1989, ataona chipatso cha thukuta lake.

Nanga Misa imeneyi, imene ambiri amaitchula kuti ya Chizaire, imasiyana pati ndi imene tinazolowera? Pamakhala mlengezi, wonga uja amamema anthu ku bwalo, amene amalumikiza wansembe ndi mpingo. Poyamba penipeni amaitana oyera mtima pamodzi ndi makolo amene anakhala moyo wolungama kuti apemphere nawo limodzi. Pa nyimbo ya Ulemu wansembe ndi otumikira amavina mozungulira guwa, mpingo wonse ukugwedezeka pamalo pomwe waima. Mthenga Wabwino ukamawerengedwa anthu amakhala pansi, poti kumeneko wamkulu akamayankhula suimirira. Mwambo wolapa umabwera ulaliki utatha, anthu atamva kaye mawu owatsutsa mumtima, kenako amapatsana mtendere asanapite ndi mtulo ku guwa. Apa nyimbo si zokometsera chabe. Kutsogolera ndi kuvomera, kuwomba m'manja, nthungululu ndi kuvina ndiye mafupa a mwambo wonsewo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Misa imeneyi si ya Aluba, si ya Akongo, si ya Amongo. Okonza ake anasankha zinthu zimene mitundu yambiri ingazizindikire, mzinda n'kuwonjezerapo zake: Chilingala, magitala ndi kamvekedwe ka rumba kamene makwaya ambiri a ku Kinshasa ali nako. Aliyense anasiyako kena kake pakhomo, aliyense anapezamo kena kake m'kati. Sikuti madandaulo anatha. Ena amati imatalika, ena amati kwaya ikatenthedwa imaiwala kuti ili mu tchalitchi, ndipo si parishi iliyonse imene imaichita Lamulungu lililonse. Komabe pa 1 Disembala 2019 Papa Francis anatsogolera Misa ya Chizaire m'kati mwa tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma, ndipo pa 1 Febuluwale 2023 anaichitanso pa bwalo la ndege la Ndolo ku Kinshasa, pamaso pa anthu oposa miliyoni imodzi.

Tsopano tibwerere ku benchi yanga ija. Kwa ife kuno Chichewa chimagwira ntchito yofananako ndi ya Chilingala, koma pali kusiyana kumodzi kofunika: Chichewa chili ndi eni ake ambiri, ndiye n'kosavuta kuti ife ochiyamwira tiziganiza kuti nyimbo yathu ndi ya onse, ya anzathu ndi ya "kwawo". Mayi aja analira chifukwa kwa mphindi zochepa Mulungu anawayankhula m'chinenero cha amayi awo. Bambo aja anang'ung'udza chifukwa kwa mphindi zomwezo anakhala mlendo mu tchalitchi chawo chomwe. Onsewo sananame. Koma ulendo umene bambowo anaulawa kwa mphindi zisanu, mayiwo amaulawa Lamulungu lililonse. Mbiri ya Kinshasa ikutiuza kuti nyimbo ya mumzinda siyitoledwa yopsa kale kumudzi kwa wina aliyense. Imaphikidwa mumzinda momwemo, mokangana, pang'onopang'ono, aliyense ataponyamo kake.

Nanga inu a ku Ndirande, ku Zolozolo, ku Chinsapo ndi kwina konse, makwaya anu amatani? Nyimbo ya Chilhomwe, Chisena kapena Chiyao ikayambika, mpingo umavomera kapena umangoyang'ana kudenga? Tiuzeni. Tionane sabata yamawa.