Lamulo la masiku 90 kwa oyenda pa maboti ku Mediterranean

Mlendo wochokera kunja kwa European Union ndi chigawo cha Schengen cha maiko a ku Ulaya amaloledwa kukhala m'chigawochi masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Kwa wokwera ndege nthawi imeneyi ndi yambiri, koma kwa munthu amene boti loyendera mphepo ndilo nyumba yake, yachepa. Kuchokera ku Spain, kudzera ku France ndi Italy mpaka ku Greece, masikuwo amawerengedwa pamodzi ngati dziko limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti botilo lili ndi mwayi kuposa mwini wake. Boti lolembetsedwa kunja kwa European Union litha kukhalamo miyezi 18 osalipira msonkho wa VAT, pamene woliyendetsa ayenera kutuluka miyezi itatu ikakwana. N'chifukwa chake ambiri amakocheza ku Montenegro, Albania, Tunisia kapena Turkey kudikira kuti masiku awo abwerere. Croatia inali pothawira pabwino mpaka pa 1 January 2023, pamene nayo idalowa mu Schengen.

Anthu a ku Britain adayamba kuumva kuwawa lamuloli mu 2021, dziko lawo litatuluka mu European Union, ngakhale iwo safunika kukhala ndi viza pa ulendo waufupi. A ku South Africa amafunika kukhala ndi viza, ndipo mtengo wake kwa wamkulu udakwera kuchoka pa mayuro 80 kufika pa 90 mu June 2024.

Wofuna kukhalitsa amapempha viza ya mtundu wa D ku dziko limodzi. Ya France ndi mayuro 99, ndipo amafuna umboni wa ndalama, inshuwaransi ya chipatala ndi pokhala. Wodutsitsa masiku angalipitsidwe chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso.