Utale: Mwala, Chitsulo ndi Mayina a Malo

Utale ndi dzina lodziwika bwino kwa anthu a ku Balaka ndi ku Machinga. Pamalopa pali siteshoni ya sitima ya pamtunda, ndiponso mishoni ya Akatolika imene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula m'chaka cha 1908, patapita zaka 7 chikhazikitsire mishoni yawo yoyamba ku Nzama m'boma la Ntcheu. Malowa anatchukanso chifukwa cha chipatala cha odwala khate. Kufikira 1998 derali linali m'boma la Machinga, koma tsopano lili m'boma la Balaka. Ngakhale dzinali limatchulidwa tsiku ndi tsiku, ndi anthu ochepa amene amakumbukira kuti "utale" ndi mawu a Chichewa okhala ndi tanthauzo lakelake. Utale ndi mwala kapena dothi lolimba lofiirira limene makolo ankakumba ndi kusungunula m'ng'anjo kuti apeze chitsulo.

Mawuwa ndi osavuta kuwasokoneza ndi "utali". Komabe awa ndi mawu awiri osiyana mizu. "Utali" amachokera ku tsinde la mfotokozi "-tali", monga m'mawu akuti "wamtali" ndi "kutali", pamene "utale" tsinde lake ndi "-tale". Kusiyana kwawo kwagona pa lembo la liwu lotsiriza lokha, ndipo lembo limeneli ndi loyenera kulisamala polemba.

Tsinde la "-tale" si la Chichewa chokha. Malcolm Guthrie, amene anafanizira ziyankhulo za Chibantu m'mabuku ake anayi otchedwa Comparative Bantu, osindikizidwa pakati pa 1967 ndi 1971, analipeza m'ziyankhulo zambiri, ndipo analilemba kuti *-tade. Kanyenyezi ka patsogoloko kamasonyeza kuti palibe amene anamva mawuwo akutchulidwa chotero: ndi maonekedwe amene akatswiri amawapeza poyerekeza ziyankhulo za lero. Chochititsa chidwi ndi chakuti tsinde limodzili lili ndi matanthauzo atatu: mwala, utale, ndi chitsulo chenichenicho. Matanthauzo amenewa sanamwazike chisawawa. Ali ndi madera ake.

Kumadzulo kwa Afrika tanthauzo lake ndi mwala wamba. M'Chiduala cha ku Cameroon mwala ndi "dale". M'Chikongo ndi "tadi", yambiri ndi "matadi", ndipo pamenepa ndi pamene panachokera dzina la doko la Matadi pa mtsinje wa Congo, malo amiyala a m'dera limene Henry Morton Stanley anakhazikitsamo siteshoni m'chaka cha 1879. Stanley yemweyo anapatsidwa dzina lakuti Bula Matari, kutanthauza wophwanya miyala, chifukwa cha mmene ankaswera matanthwe polambula msewu. Pambuyo pake dzinali linasanduka dzina la boma lonse la atsamunda m'dziko la Congo, ndipo silinali dzina lotamanda. M'Chimbundu cha kumpoto kwa Angola mwala ndi "ditadi", koma tsinde lomwelo likalandira mphatikiri wina limakhala "kitadi", ndiye kuti ndalama. Izi si zachilendo kwa Mchewa: mawu akuti "chuma" m'Chiswahili ndi chitsulo, pamene m'Chichewa ndi katundu ndi ndalama. M'madera ambiri makasu achitsulo ankagwira ntchito ya ndalama posinthana malonda ndi popereka malowolo, choncho chitsulo ndi chuma zinayenda m'njira imodzi.

Kum'mawa ndi kummwera tanthauzo linapendekera ku ng'anjo. M'Kinyarwanda "ubutare" ndi utale kapena chitsulo, pamene "urutare" ndi thanthwe. M'Luganda utale ndi "amatale". M'Chitonga cha ku Zambia "butale" ndi chitsulo, ndipo m'Chishona muli "utare".

Wofanizira mawu onsewa aona kuti ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi mphatikiri wa gulu la dzina. Tsinde likakhala m'gulu la Li-Ma, monga "tadi" ndi "matadi", limatchula mwala umene munthu angathe kuutola ndi kuuwerenga. Likalowa m'gulu la U-Ma limatchula chinthu chosawerengeka chimene chimatapidwa kapena kuunjikidwa. M'Chichewa gulu limeneli ndi la ufa, uchi, utsi, udzu ndi utomoni. Mphatikiri "u-" wa Chichewa ndi yemweyo amene ali "bu-" m'Chitonga ndi "ubu-" m'Kinyarwanda. Chichewa chinangotaya lembo "b". Choncho "utale" kwenikweni ndi mwala woonedwa ngati ufa wa wosula: osati mwala umodzi wogendera mbalame, koma mulu wokathira m'ng'anjo. Kinyarwanda ndicho chimaonetsa bwino zimenezi popeza chinasunga mbali zonse ziwiri, thanthwe ndi utale, pa tsinde limodzi.

Funso lakuti tanthauzo loyamba linali liti si laling'ono, chifukwa pa ilo pagona mbiri ya anthu onse oyankhula Chibantu. Kwa nthawi ndithu akatswiri ena ankaphunzitsa kuti makolo a Abantu anachoka kwawo, ku malire a Nigeria ndi Cameroon, ali kale ndi nkhwangwa ndi mikondo yachitsulo, ndipo kuti chitsulocho ndicho chinawathandiza kudula nkhalango ndi kufalikira. Mawu onga *-tade ankatengedwa ngati umboni. Koma m'chaka cha 1977 Pierre de Maret ndi François Nsuka anaunikanso mawu a ntchito ya chitsulo m'magazini ya History in Africa, ndipo anasonyeza kuti umboniwo unali wofooka. Jan Vansina anabwerezanso nkhaniyi m'magazini yomweyo m'chaka cha 2006. Mfundo imene yakhazikika ndi yakuti mawuwa poyamba ankatanthauza mwala basi. Ulendo wa Abantu unayamba zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, chitsulo chisanadziwike m'maderawo. Luso losungunula litafika pambuyo pake, anthu sanapeke mawu atsopano: anatenga mawu akale a mwala ndi kuwapatsa ntchito ina.

Mneni "kusula" ali ndi mbiri yofanana. Abale ake ndi "kufua" m'Chiswahili, "kupfura" m'Chishona ndi "ukufula" m'Chibemba. Tanthauzo lake lakale linali kumenya kapena kupuntha, ndipo mpaka lero Mswahili amagwiritsa ntchito mneni mmodzi yemweyo pa kusula chitsulo ndi pa kuchapa nsalu mozimenyetsa pamwala.

Kuno ku Malawi umboni wa m'nthaka umasonyeza kuti chitsulo chinayamba kusungunulidwa cha m'zaka za m'ma 200 ndi 300. Keith Robinson anafukula mapale ndi zotsalira za chitsulo za nthawi imeneyo ku Nkope m'boma la Mangochi ndi pa phiri la Phopo m'boma la Rumphi. Pamene David Livingstone anayenda m'mapiri a Shire m'chaka cha 1859, anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula, ndipo makasu awo ankagulitsidwa kutali. Ena amafika ponena kuti dzina lakuti Mang'anja linachokera ku "ng'anjo", ngakhale kuti kulumikiza dzinali ndi "nyanja" kuli ndi maziko olimba kuposa pamenepo. Nkhondo za ukapolo ndi njala ya 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi yambiri ya m'chigwa cha Shire, kenaka makasu a m'sitolo anamaliza ntchitoyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anachita kufunafuna nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za Aphoka kumpoto kuti ziwaonetse mmene ng'anjo inkamangidwira. Ng'anjo itazima, mawu ake anayamba kuzilala. "Chipala", "mvukuto" ndi "nyundo" anapulumuka chifukwa osula akadalipo, koma iwo amasula zitsulo zakutha za galimoto, ndipo sasowa utale.

Mawu amene achoka pakamwa kawirikawiri amabisala m'mayina a malo. Mzinda wa Butare ku Rwanda unkatchedwa Astrida m'nthawi ya Abelijiyamu, pokumbukira Mfumukazi Astrid, ndipo unatenga dzina la Butare m'chaka cha 1962. Kuyambira 2006 boma limautcha Huye. M'mapiri ozungulira mzindawu akatswiri anafukula ng'anjo zakale kwambiri, choncho dzina ndi nthaka zimavomerezana. Ku Zimbabwe kuli Mutare, dzina la mtsinje woyenda m'dera la golide la Penhalonga, kumene Amalawi ambiri anakagwira ntchito m'migodi. Atsamunda analilemba kuti Umtali, ndipo linakhala chotero kufikira 1982. Kalembedwe kameneko kanasintha lembo lotsiriza, kotero kuti kwa Mnyasa wopita ku Umtali dzinalo linkamveka ngati likunena za munthu wamtali. Ndi chitsanzo chabwino cha mmene lembo limodzi lolakwika lingakwirire tanthauzo kwa zaka pafupifupi 90. Utale wa ku Balaka sanakumane ndi tsoka limeneli: analembedwa monga mmene eni ake amatchulira. Komabe wofufuza wosamala sayenera kuima pa dzina lokha. Mbiri ya malo otere imatsimikizika pamene dzina, zokamba za akuluakulu a m'midzi ndi zotsalira za ng'anjo m'nthaka zanena chimodzi.

Pa za kalembedwe, kusiyana kwa "l", "r" ndi "d" m'mawu onsewa sikusonyeza mizu yosiyana. Liwu limodzi la Chibantu chakale ndilo limamveka mosiyanasiyana. Chishona, potsata kalembedwe kamene Clement Doke anakonza m'chaka cha 1931, chimalemba "r". Chikongo chimasandutsa "l" kukhala "d" patsogolo pa "i". Malamulo a Bungwe la Chichewa, amene anatuluka mu 1973 ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, amafuna "r" pambuyo pa "e" ndi "i", ndipo "l" pena ponse. Motero "utale" amalembedwa ndi "l" popeza lemboli likutsatira "a". Mayina a malo amene anakhazikika kale, monga mtsinje wa Rivirivi m'boma lomweli la Balaka, satsata lamuloli nthawi zonse.

Kwa okonza mawu a maphunziro, nkhaniyi ili ndi phindu looneka. Masiku ano za migodi zili pakamwa pa aliyense: yureniyamu wa ku Kayelekera m'boma la Karonga, bauxite wa pa phiri la Mulanje, ndi monazite wa pa phiri la Kangankunde, m'boma limodzi ndi Utale. Pawailesi ndi m'nyuzipepala zonsezi zimatchedwa "miyala yamtengo wapatali". Mawuwa ndi aatali, ndiponso amasokoneza zinthu ziwiri: miyala yokongoletsera monga rube, ndi mwala umene phindu lake limaoneka pokhapokha utaphwanyidwa ndi kuyengedwa. Anyarwanda ali ndi vuto lomwelo ndi mawu awo akuti "amabuye y'agaciro". Chichewa chili kale ndi dzina la chinthu chachiwiricho. Palibe choletsa kulemba "utale wa chitsulo", "utale wa mkuwa" kapena "utale wa yureniyamu" m'mabuku a sukulu ndi pomasulira malamulo a migodi. Wina angatsutse kuti utale ndi wa chitsulo chokha, ndipo kuti kuutambasula chotero ndi kuukakamiza. Koma mawu amenewa anachoka kale pa mwala kufika pa ng'anjo, ndipo ku Angola anafika mpaka pa ndalama. Chichewa chomwe chinatenga "nsimbi", mawu amene m'Chizulu ndi m'Chishona amatanthauza chitsulo chilichonse, ndi kuwasandutsa dzina la chositira zovala.