Mano a Agogo ndi Mano Athu: Mbiri ya Shuga ku Nyanja ya Salima

Pa tchuthi chapitachi ndidaperekeza mlongo wanga wa zaka zisanu ndi zinayi kuchipatala kukazulitsa dzino. Titabwerako tidapeza Agogo ali pakhonde akukukuta chimanga chokazinga. Iwo adaona njala ya 1949 ali kamtsikana, koma mano awo akadalipo pafupifupi onse. Atamusuzumira mwanayo m'kamwa adati, "Ana inu, kachilombo kameneka mwakatenga kuti? Ife sitinkakadziŵa." Ine monga wophunzira mbiri yakale funsoli lidandikhala pamtima, poti chinthu chimene kale kudalibe ndiye kuti chili ndi njira imene chidadzera.

Choyamba tione zimene anthu a m'mbali mwa nyanja ankadya. Mu 1938 ndi 1939 Dr B. S. Platt ndi anzake adachita kafukufuku wa kadyedwe m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, loyandikana nafe, ndipo kunyanja adapeza anthu akudalira chinangwa ndi nsomba. Agogo akuti kwathu kuno nsima inali ya chimanga, mapira kapena kondowole, ndiwo zake usipa, utaka, chisoso ndi nkhwani wotendera. Usipa timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli kashiyamu, amene amamanga mano a mwana. Zotsekemera zidalipo: mizimbe, uchi, mango, masawu ndi thobwa. Komatu zambiri mwa izi zinkabwera pa nyengo yake, ndipo mzimbe umafuna nsagwada kuti zigwire ntchito, malovu nkumatsuka m'kamwa.

Shuga woyera adalowa pang'onopang'ono. Njanji idafika ku Salima mu 1935, sitima nkumanyamula thonje kupita kumwera, pobwerera nkumadzetsa katundu wa m'sitolo za amwenye. Nthaŵi imeneyo shuga anali wochokera kunja ndiponso wodula. Agogo akuti tiyi ankamwa ndi akalaliki, aphunzitsi ndi amuna obwera ku Joni. M'nyumba wamba ankaoneka pa Khrisimasi kapena pa Idi. Zinthu zidatembenuka pamene Malaŵi idayamba kupanga shuga wake. Fakitale ya Sucoma ku Nchalo idayamba mu 1966, ya ku Dwangwa idatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2016 Salima nayo idayamba kugaya mizimbe pa fakitale yakeyake. Lero shuga amagulitsidwa m'timapepala ting'onoting'ono pa okala iliyonse, kotero kuti ngakhale wosauka amakwanitsa kugula wa tsiku limenelo.

Tsono kachilombo ka Agogo nkotani? Mu 1890 W. D. Miller adafotokoza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'kamwa timadya shuga nkutulutsa asidi amene amasungunula dzino. Pambuyo pake kafukufuku wa ku Vipeholm m'dziko la Sweden, amene adatha mu 1953, adaonetsa kuti choopsa kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi pakati pa chakudya, makamaka zomata m'mano. Ganizirani tsiku la mlongo wanga: tiyi m'maŵa, mandasi pachipata cha sukulu, filizesi dzuŵa likaswa mtengo, siwiti poŵeruka. Malovu sapeza mpata wokonza dzino. Mu 2015 bungwe la WHO lidalangiza kuti nkwabwino munthu asapyole masupuni ang'ono pafupifupi 6 pa tsiku. Kwathu atatu amathera m'kapu imodzi.

Msewu umene udabweretsa shuga ndi womwewo umene ukuchotsa nsomba. Chambo chidachepa m'nyanja, ndipo usipa wa ku Senga Bay ndi ku Chipoka umakwera galimoto kupita ku Lilongwe kumene uli ndi mtengo. Msodzi amagulitsa ndiwo ya ana ake nkugula shuga ndi buledi.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino ayi. Agogo omwewo amakumbukira nkhama zotuluka magazi m'miyezi ya njala, ndi nkhalamba zimene mano adagwedera nkuthothoka okha. Ndiponso shuga sindingamutukwane ndi pakamwa ponse. Kuyambira 2012 amathiramo vitamini A woteteza ana. Ineyo fizi yanga ya ku sekondale idachokera m'beseni la mandasi ndi mafilizesi limene Amayi ankagulitsa pachipata cha sukulu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mkuyu umenewo ndi umene udandiphunzitsa.

Chodandaulitsa nchakuti fakitale zidafika msanga, mankhwala nkuchedwa. Sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala a mano m'dziko muno idayamba mu 2019 ku Blantyre, patatha zaka 53 chiyambire Nchalo, ndipo ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'kamwa idakhazikitsidwa mu 2022. Pa zaka zonsezo wakumudzi thandizo limene ankalidziŵa linali kuzula basi.

Ndisadabwerere kuno ku koleji tidapangana pakhomo: tiyi supuni imodzi, zotsekemera pa nthaŵi ya chakudya pokha, kutsuka mano m'maŵa ndi madzulo, ndipo mbale yoyamba ya usipa izitsala panyumba. Amayi adavomera, koma adandifunsa kuti, "Nanga beseni lija ndilisiye, ndalama ya mabuku ako ichokera kuti?" Funso limenelo sindidaliyankhebe.